Ulendo wa kaiti ku Paje: chonyamula ndi chosiya

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti anaphunzirako masewero okokedwa ndi kaiti pamadzi ku Langebaan, kugombe la kumadzulo kwa South Africa, ndipo mu Julayi akufuna kukakhala masabata awiri ku Paje, pachilumba cha Zanzibar. Akufunsa ngati kuli bwino kugula kaiti ndi bolodi (thabwa loimapo pamadzi) zawozawo n'kunyamula, komanso ngati wetsuit, chovala chothina choteteza kuzizira m'madzi, imene ankavala ku Langebaan ipite nawo.

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi katundu wamkuluyo: musagule, musanyamule. Paje ndi mudzi wodzaza ndi masukulu a kaiti, ndipo ambiri amabwereketsa zida. Munthu amene akuphunzirabe amagwetsa kaiti pamadzi kambirimbiri, choncho ndi bwino kugwetsa yobwereka, imene ikang'ambika pali woisoka pomwepo. Chinanso, mphepo sikhala ya mphamvu imodzi. Mu Julayi kumaomba Kusi, yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imayamba cha mu Juni mpaka Sepitembala, nyengo yomweyo imene mwera amavutitsa asodzi panyanja yathu. Tsiku lina mungafune kaiti ya masikweya mita 9, mawa lake yokulirapo ya 12. Mukagula imodzi, masiku ena mudzangokhala pamchenga kuonerera anzanu. Mphepo ina, ya Kaskazi, imabwera Disembala mpaka Malichi, ndipo nthawi zambiri imakhala yofatsa, yofuna makaiti akuluakulu. Ndiye onjezani nkhani ya ndege: chikwama cha bolodi n'chachitali, makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pachikwama chimodzi, ndipo malamulo a zida zamasewero amasiyana kampani ndi kampani.

Chida chimodzi chokha ndingakulimbikitseni kugula: harness, lamba wa m'chiuno uja amene mumakolekapo zingwe. Ameneyu amayenera thupi la mwini wake. Wobwereka amakhala kuti wadutsa m'ziuno zambiri, ndipo akakhala wamkulu amakwera mpaka m'nthiti, tsiku lachitatu n'kupezeka kuti mwasupuka. Amayi ambiri amapeza bwino ndi wokhala ndi malamba odutsa m'ntchafu, chifukwa sakwera. Muyeseni m'sitolo musanalipire.

Wetsuit yokhuthala ija isiyeni. Madzi a ku Langebaan ndi a Atlantic, ozizira, pomwe a ku Paje ndi ofunda chaka chonse. Chimene chingakuthandizeni ndi malaya aja othina osambira, a manja aatali, ndi leggings yosambira nayo. Ngati ndinu munthu wosachedwa kuzizidwa, kashoti kopyapyala n'kokwanira pa mphepo ya madzulo.

Pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri ndi pa mapazi. Ku Paje madzi akaphwa amabwerera kutali ndithu, n'kusiya dambo lalikulu la madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno. N'chifukwa chake malowa amakondedwa ndi ophunzira: ukagwa umaima. Koma poimapo ndi pomwe pali nkhani. M'malo ena pansipo mumakhala tinyama tozungulira ta minga yakuda, yaitali, imene ikalowa kuphazi imathyokera momwemo, ndipo kuichotsa ndi ntchito ya masiku. Palinso minda ya ndere za m'nyanja imene amayi a m'midzimo amalima, yomangidwa ndi timitengo tokhomedwa pansi ndi zingwe. Madzi akamadzazanso timitengoti sitioneka bwino. Mindayo ndi chakudya cha mabanja, ndiye muzifunsa aphunzitsi anu malire ake n'kuilambalala. Gulani nsapato za m'madzi za mphira pansi, zogwira phazi bwino. Akatswiri ena amanyoza nsapato, akuti simumva bolodi. Asiyeni anene, iwo saponda pansi kawirikawiri ngati inu.

Dzuwa nalo musalipeputse. Pali chikhulupiriro chija chakuti ife akhungu lakuda sitipsa. Khalani maola atatu pamadzi, dzuwa likumenya kuchokera kumwamba n'kubwereranso kuchokera pamadzi ndi pamchenga woyera uja, mudzaona mphuno ndi milomo zikusendeka. Mphepo imanamiza, thupi limamva kuzizira pomwe likupsa. Nyamulani mafuta oteteza dzuwa osasungunuka ndi madzi, a SPF 50, ndi opaka pamilomo. Mugule ku Johannesburg komweko, pachilumba zinthu zotere zimadula. Magalasi a dzuwa akhale ndi chingwe, apo ayi mudzawapereka kwa nsomba tsiku loyamba. Tsitsi mulukiretu, madzi amchere ndi mphepo sizisewera.

Chitenje musachiiwale, mwina ziwiri. Anthu ambiri ku Zanzibar ndi Asilamu, ndipo zovala zosambira n'za pamchenga basi. Polowa m'mudzi kapena ku Stone Town, tauni yakale ya pachilumbapo, phimbani mapewa ndi mawondo. Kwa ife sizachilendo. Chitenje chomwecho n'chopukutira, n'choyala pansi.

Za mapepala ndidutse mwachangu. A pasipoti ya Malawi safuna viza polowa mu Tanzania paulendo wokacheza. Kuyambira mu Okutobala 2024, alendo opita ku Zanzibar akuyenera kugula inshuwalansi ya boma la kumeneko, ndipo imalipiridwa pa intaneti musananyamuke. Imene muli nayo kale muifunsenso ngati imalipira ngozi za masewero a kaiti, chifukwa zambiri sizilipira. Mapepala apulasitiki onyamuliramo katundu analetsedwa mu Tanzania kuyambira pa 1 Juni 2019, choncho zonyowa muziika m'kachikwama kosalowa madzi. Masoketi ambiri ndi a mano atatu amakona ngati a kwathu ku Malawi, osati aakulu ozungulira a ku South Africa, ndiye tengani adaputa. Musinthiretu ndalama za shilingi pabwalo la ndege la Abeid Amani Karume. Kuchoka pamenepo kukafika ku Paje ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto.

Pomaliza, malungo. Ku Zanzibar anachepa kwambiri koma sanatheretu, ndipo munthu amene wakhala zaka zambiri ku Johannesburg thupi lake silikhalanso lozolowera monga linalili kumudzi. Onanani ndi dokotala musananyamuke, mutenge mankhwala othamangitsa udzudzu, ndipo m'kabokosi ka mankhwala muikemo mapulasitala osalowa madzi, mankhwala otsukira mabala ndi kopanira minga.