Kodi mawu akuti liberal anachokera kuti?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofotokoza kuti amamva pa wailesi andale a ku America akunyozana ndi mawu akuti liberal, ngati kuti amanena munthu wofuna kuti boma lizilowerera pa chilichonse, pomwe ku Australia chipani chotchedwa Liberal Party ndi cha anthu osunga mwambo ndiponso okonda malonda. Funso lake ndi lakuti tanthauzo lenileni ndi liti. Zikomo kwambiri bambo. Matanthauzo onse awiriwa ndi oona, ndipo kusiyana kwawo kuli ndi mbiri yake.

Muzu wa mawuwa ndi liber, amene m'Chilatini amatanthauza mfulu, munthu amene si kapolo. Aroma ankati liberalis pofotokoza zoyenera mfulu, ndipo ndi m'menemo munachokera dzina la maphunziro 7 amene masukulu akale a ku Ulaya ankaphunzitsa, monga galamala, luso lolankhula pagulu, masamu, nyimbo ndi zakuthambo. Mawuwa atalowa m'Chingelezi kudzera m'Chifalansa m'zaka za m'ma 1300, ankanenanso munthu woolowa manja, ndipo ndale munalibemo.

Ndale zinalowamo ku Spain. Pamene asilikali a Napoleon anali atalanda mbali yaikulu ya dzikolo, nyumba ya malamulo inasonkhana m'dera la Cádiz kuyambira mu 1810, ndipo aphungu ofuna kuchepetsa mphamvu za mfumu ndi kumasula atolankhani anatchedwa liberales, pomwe otsutsana nawo ankanyozedwa kuti serviles, kutanthauza a mtima waukapolo. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1812 anali ntchito ya aphungu otchedwa liberales aja. Maganizowo anali akale kuposa dzinalo, popeza John Locke anali atalemba kale mu 1689 kuti boma limalamulira mwa chilolezo cha anthu, ndipo Adam Smith mu 1776 anali atatsutsa zoti boma lizitsekereza malonda. Ku Britain, Liberal Party inakhazikitsidwa mu 1859, ndipo pansi pa William Gladstone inkalimbikitsa misonkho yochepa, malonda omasuka ndi ufulu wachipembedzo.

Kugawanika kumene mukufunsa kunabwera pamene ena a iwo anayamba kufunsa kuti chimene chimamanga munthu n'chiyani kwenikweni. Akale ankaona kuti mdani wa ufulu ndi mfumu kapena boma lopondereza. Koma ataona antchito a m'mafakitale akukalamba opanda chodalira, ena anati umphawi, matenda ndi umbuli nazonso zimalanda munthu ufulu, ndipo boma liyenera kuthandizapo. Ku Britain, boma la chipani chomwecho cha Liberal ndilo linayambitsa penshoni ya okalamba mu 1908 ndi inshuwalansi ya antchito mu 1911. Ku America, Franklin Roosevelt anatenga tanthauzo latsopanoli pamene ankalimbana ndi mavuto aakulu a zachuma kuyambira mu 1933, ndipo linakhazikika kwambiri moti pofika chisankho cha mu 1988, otsatira George Bush ankagwiritsa ntchito mawuwa ngati chitonzo kwa Michael Dukakis, amene ankapikisana ndi Bush pa upulezidenti. Ku Australia, Robert Menzies poyambitsa chipani chake cha Liberal Party mu 1944 ankatsutsana ndi chipani cha antchito, choncho anatsamira ku tanthauzo lakale la bizinesi yomasuka. Ku France nakonso, munthu akatchedwa libéral, anthu amamva kuti ndi wokonda msika.

Mwa maganizo anga, mbali iliyonse imalakwa ikamanena kuti inzake inaba dzinali, chifukwa zonse ziwiri zimalankhula za ufulu wa munthu payekha. Zimangosiyana potchula chimene chimauopseza.

Kwathu kuno mawuwa tinakumana nawo makamaka m'tanthauzo la msika. Chimene akatswiri a zachuma amachitcha liberalisation ndi chija chinachitika mu 1987 pamene amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ntchito imene kale inali ya ADMARC, komanso mu 1994 pamene mtengo wa kwacha unasiyidwa kuti uzidalira msika. Ku South Africa mawuwa ali ndi fungo lina. Liberal Party ya kumeneko, imene inayamba mu 1953 ndipo Alan Paton anali mmodzi wa atsogoleri ake, inkalandira anthu a mitundu yonse, ndipo inasankha kudzithetsa mu 1968 boma latsankho litaletsa zipani zosakaniza mitundu. Komabe Steve Biko anadzudzula azungu otchedwa liberal kuti ankafuna kulankhulira anthu akuda pankhondo imene akudawo anayenera kuitsogolera okha, ndipo mpaka lero ambiri kumeneko amawatchula mawuwa mokayikira.