Nditenge ngongole nditsegule malo achiwiri ku Matawale?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphika ndi kugulitsa chakudya ku Chikanda, mu Zomba muno. Apempha kuti dzina lawo lisatuluke. Akuti akhala akuphika nsima, mpunga ndi tchipisi kwa zaka zitatu, ali ndi antchito awiri, ndipo masana anthu amachita kuima pamzere. Tsopano apeza nyumba ya lendi ku Matawale, akufuna ngongole kuti atsegule malo achiwiri. Amaliza ndi mawu awa: "Anzanga akuti ndikuchedwa. Koma mwezi ukatha, ndikakhala pansi kuwerengera, sindiona komwe ndalama zalowera. Ndilowe kapena ndidikire?"

Mayi, dikirani kaye. Chifukwa chake mwachinena nokha m'mawu omalizawo. Ngati simukudziwa komwe ndalama za malo amodzi zikulowera, malo achiwiri angochulukitsa mabowo, ndipo nthawi imeneyo mudzakhala muli ndi chiwongoladzanja pamutu.

Mzere wa makasitomala ukusonyeza kuti mumaphika bwino komanso mtengo wanu ndi wofikirika. Za phindu sukunena kanthu. Pali malo odyera amene amadzaza tsiku lililonse chifukwa mwini wake akugulitsa motchipa kuposa zimene walowetsa, iye osadziwa. Ndiye ntchito yoyamba ndi ya kope ndi cholembera. Tengani mbale imodzi ya nsima ya nkhuku, muiphwanye: ufa, nthuli ya nkhukuyo, mafuta, tomato, anyezi, makala, madzi, sopo wotsukira. Muonjezere gawo la lendi ndi malipiro a antchito, pogawa ndalama za mwezi ndi mbale zimene mumagulitsa pa mwezi. Chitani chimodzimodzi ndi mpunga, ndi tchipisi. Musadabwe mukapeza kuti chakudya chimene chimayenda kwambiri ndi chimene chikukusiyirani zochepa. Tchipisi amamwa mafuta ophikira, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene mtengo wa mafuta wakhala ukudumphira.

M'kope momwemo mulembe malipiro anu. Inde, inuyo. Amayi ambiri a geni sadzilipira, amangotapa m'kabati: lero ndiwo za kunyumba, mawa fizi, mkuja chopepesera maliro kumudzi. Palibe cholakwika pothandiza abale, koma zituluke m'malipiro anu, zikatha zatha. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene makasitomala amalipirira ikhale ina, ya pakhomo ina.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muigwiritse kwambiri, chifukwa yagwetsa anthu akhama ambiri muno mu Zomba. Musamawerenge mpamba wanu mu makwacha. Muziuwerenga mu katundu. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Munthu amene anali ndi K1 miliyoni ya mpamba chaka china, chaka chotsatira n'kukhala ndi K1.3 miliyoni, amatha kusangalala kuti wakula. Koma ngati miliyoni ija inkagula matumba khumi a mpunga ndi zigubu zisanu za mafuta, ndipo ndalama ya leroyi ikugula matumba asanu ndi atatu ndi zigubu zinayi, munthuyo wabwerera m'mbuyo. Akudya mpamba akuganiza kuti akudya phindu. Choncho mwezi ukatha muzidzifunsa kuti: ndalama imene yatsalayi igula matumba angati poyerekeza ndi mwezi watha? Mtengo wa mbale muziukonza poyang'ana mtengo umene mukagulire katundu mawa, osati umene munagulira sabata yatha. Ndikudziwa kuti kukweza mtengo kwa ophunzira a ku yunivesite amene amadya kwa inu kumachititsa manyazi, ena amakutchulani "amayi" ndipo mumawadziwa mavuto awo. Kwezani pang'onopang'ono, kapena mukhale ndi mbale yaing'ono ya mtengo wotsika. Ngongole za "ndikupatsani apikipu ikatuluka" (ndalama ya ophunzira yodzisamalira ija) zikhale ndi malire, ndipo zilembedwe.

Mzere umene mukunenawo ndi wa ophunzira a ku UNIMA, kumene ambirife timakutchulabe kuti ku Chanco. Sukulu ikatsekera, Chikanda amachita zii, koma lendi ndi malipiro a antchito sizipita ku holide. Wokongoza ndalama nayenso safunsa ngati semesita yatha. Musanasaine pepala lililonse la ngongole, tengani mwezi umene munagulitsa zochepa kwambiri chaka chathachi, muone ngati mukanatha kubweza gawo la ngongole la mwezi umenewo. Ngati simukanatha, ngongoleyo ndi yaikulu kuposa geni yanu.

Pali mayeso ena osafuna ndalama. Chokanipo sabata yathunthu, osapita, osaimba foni pafupipafupi. Mukabwerako muone zinthu zitatu: ndiwo zikukoma ngati kale, katundu wotsala akugwirizana ndi mbale zogulitsidwa, ndalama zakwana. Malo awiri akutanthauza kuti tsiku lililonse kwina kudzakhala kopanda inu. Ngati zonse zili m'mutu mwanu, kuyambira mulingo wa mchere mpaka dzina la wogulitsa nkhuku, ndiye kuti geni yanu ndi inuyo, ndipo simungadzigawe pawiri. Lembani milingo: kilogalamu ya mpunga itulutse mbale zingati, nkhuku imodzi idulidwe nthuli zingati, thumba la makala lithe masiku angati. Wantchito wokhulupirika amagwira bwino ntchito akadziwa mulingo, ndipo wa manja aatali amaonekera msanga. Mukamuika m'bale wanu pa kabati, milingo yomweyo imugwire.

Sindikunena kuti mukhale pomwepo mpaka kalekale. Ndikuona kuti njira yanu yokulira ili m'khitchini imene muli nayo kale. Moto mukuyatsa kale, lendi mukulipira kale, ndiye mbale iliyonse yoonjezera imakutsalirani zambiri kuposa mbale ya ku malo atsopano. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma Zomba ikadali tauni ya anthu a pa ntchito. Kuli a ku National Statistical Office, a ku MANEB, a ku chipatala chachikulu, a ku makhoti, aphunzitsi a ku yunivesite. Anthu amenewa amadya masana chaka chonse, sukulu itsekere isatsekere. Yambani ndi maofesi awiri kapena atatu: maoda pa WhatsApp pofika 10 koloko, chakudya m'makontena, wa kabaza mmodzi wodalirika. Masiku a mwambo wopereka madigiri ku Great Hall, tauni imadzaza ndi makolo ndi abale anjala, amenewonso muziwakonzekera pasadakhale.

Zikayamba kuyenda, mudzafuna maoda a misonkhano ndi maphunziro. Apo pafunika mapepala. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge TPIN (nambala yolipirira msonkho) ku MRA, mutsegule akaunti ya ku banki m'dzina la bizinesiyo, ndipo chiphaso cha khonsolo ya mzinda chikhale chosatha ntchito. Koma chenjerani: oda yaikulu imatha kupha geni yaing'ono. Mumagula zonse ndi ndalama zanu lero, malipiro n'kubwera patapita miyezi, atadulapo kale msonkho. Pemphani gawo lina patsogolo, ndipo musalandire oda imene ikumeza mpamba wonse, ngakhale itaoneka yonona bwanji.

Mwanenanso m'kalata yanu kuti mukuganiza zoyamba kuweta nkhuku ndi kugulitsa kaunjika pambali. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zimenezo zisiyeni kaye. Ngati pali ndalama yapadera, igwire ntchito pa zimene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: mpunga wa ku Chilwa ndi nyemba mugule nthawi yokolola mitengo ili pansi, musunge pouma. Kumeneko n'kukula kosafuna chikole.

Ngongole ili ndi malo ake. Ikhale ya chinthu chimodzi chodziwika chimene chidzibweze chokha, monga firiji yoti muzigula nkhuku zambiri pa mtengo wopikulitsa, ndipo mufunse ndalama yonse imene mudzabweze pamodzi ndi zolipira zina, osati peresenti yokha. Ya ku banki mkhonde ndi yothandiza pa katundu wotuluka msanga, koma chiwongoladzanja chake ndi cha pamwezi, sichiyenera kulipirira lendi ya malo amene sanayambe kubweretsa ndalama. Katapila ndiye musayandikire n'komwe.

Eni nyumba a ku Matawale auzeni kuti pakadali pano simutenga. Sungani kope miyezi isanu ndi umodzi, ndipo miyezi imeneyo iphatikizepo holide ya ophunzira. Kenako munditumizirenso imelo yokhala ndi manambalawo, tidzaone limodzi ngati malo achiwiri angadzilipirire okha lendi.