Za lamba wa m'galimoto yako, msuweni

Pa gulu la banja la WhatsApp msuweni analemba kuti: "Abale, alipo akudziwa za kachitsulo kamene amamangirira pa lamba wa galimoto kuti azigwira zolimba? Ndaona othamangitsa magalimoto pa track akukagwiritsa ntchito. Nkabwino? Ndikufuna kuitanitsa ku Joni." Yankho linabwera la mawu, ndipo nali monga linalankhulidwira.

Eee... ikujambula iyi? Ikujambula. Mwaswera bwanji nonse pagulu pano, amayi aakulu, azakhali, alamu. Pepani ndabwera ndi mawu, manja ali girisi yekhayekha. Ndimati ndimuyankhe msuweni wangayu, poti funso lake lakhala chikhalire kuyambira m'mawa, anthu angolilumpha n'kumakamba za ndalama za chiliza.

Msuweni. Iwe. Track yake iti? Tayamba wandiuza zimenezo kaye. Ine msewu wa M1 ndimauyenda sabata ndi sabata, kuchokera pa Chimbiya mpaka pa Kampepuza, bwalo lothamangitsirapo magalimoto palibe. Kapena track yakoyo ndi Khwekhwelere? Hehe. Usandinamize ine, ndinakubereka kumbuyo uli ndi mamina. Katsikidwe kako ka tsiku lija popita ku Golomoti ndinakamva, sindibwereza pano pali akuluakulu.

Kachitsuloko ndikukadziwa. Kena amakatchula CG-Lock. Ndinakaona nthawi ija ndinali ku Joni, abwana a pagalaja ankatitenga kupita ku Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, masiku amene anthu wamba amaloledwa kulowa ndi magalimoto awo. Amakamangirira pa lilime lija la lamba, chitsulo chimene umalowetsa n'kumva kuti kha. Paja lamba amatsetsereka momasuka pa lilimelo, ndiye ukasuntha pang'ono, mbali ya m'chiuno imakhwefuka. Kachitsuloko kamapana lambayo kuti ukakoka mbali ya m'chiunoyo izikhala ndithu momwe wakokera. Ya paphewa imatsala momwe inaliri. Ntchito yake ndi yoti pokhota mothamanga usamatereke pampando, usamadzigwirize ndi chiwongolero kapena kutsamiza bondo kuchitseko. Manja azingowongolera basi. Ndiye...

Ayi dikira. Zandikumbutsa amalume. Amalume aakulu aja, iwe unkati bambo aakulu. Mzimu wawo uziusabe mumtendere.

Iwe unali wamng'ono, mwina pikapu ija umangoikumbukira itagona pa njerwa kuseri kwa khola. Koma ija inayenda, amwene. Inasenza kachewere kuchokera ku Tsangano, kabichi wa pa Lizulu, ulendo wa ku Lilongwe, mawa lake yabwerera ndi feteleza. Ine ndinali wothandizira wawo pa holide, ndinkakhala pakati, giya ikundimenya bondo. Tsono amalume aja, onse mukudziwa, malaya oyera. Munthu wonyamula mbatata koma malaya oyera mbee, osita ndi makala, kolala itaima. Lamba wa m'pikapu muja anali wakuda ndi fumbi la zaka, ndiye akamanga ankawasiyira mzere kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Azakhali n'kumadandaula pochapa.

Nzeru imene anapeza, anatenga pegi. Pegi yeniyeni ya pachingwe choyanikira zovala. Ankakoka lamba kuti atalike, n'kumupana ndi pegi m'mwamba muja pafupi ndi chitseko, kuti asabwerere. Lambayo n'kumangolendewera patsogolo pawo osakhudza malaya. Apolisi pa rodibuloko akasuzumira, lamba ali pomwepo, "Pitani bambo." Azakhali mukumva? Mapegi anu aja munkakalipira ana a kwa amayi aang'ono, ankathera m'pikapu. Lero ndaulula.

Ndiye tsiku lina, unali mwezi wa June... ayi, July, chifukwa chinali chaka chija cha nkhani ya dimba, tinali titangobwera kumene kwa amfumu. M'mamawa, chifunga chija cha pa Bembeke, choti ukatambasula dzanja suliona. Sitinkathamanga ayi, ndikunenetsa, katundu anali wodzadza, galimoto inkangokwawa. Mwadzidzidzi ngolo ya ng'ombe iyo, yopanda nyali, yopanda chilichonse chonyezimira, ili pakati pa msewu. Amalume anaponda buleki, koma tinaigunda kumbuyo, phu. Ng'ombe sizinavulale. Mnyamata woyendetsa ngolo anadumpha n'kuthawira m'munda. Ine ndinagunda chipumi, chipsera chake ndi chomwechi mumandiona nacho. Koma amalume, chifuwa chonse pa chiwongolero. Lamba anagwira, inde anagwira, koma anagwira iwo atafika kale. Nthiti ziwiri. Anagona kuchipatala, ndipo atatuluka anatha miyezi osanyamula ngakhale ndowa ya madzi. Kuseka ankachita kugwira pambali. Kachewere yense wa ulendo umenewo anawolera pakhonde, ndipo ngongole ija mukuidziwa inayambira pamenepo.

Chimene sindiiwala, tsiku lotuluka kuchipatala anandiitana, akuti mphwanga, pita ukachotse pegi ija. Ndinakaipeza ili pansi pa mpando, itathyoka pakati. Ndinawabweretsera m'manja, iwo n'kungoiyang'ana, osanena kanthu. Kuyambira pamenepo ankavala jekete pamwamba pa malaya, kutenthe kusatenthe, lamba ali thi pachifuwa.

Aaa, ndimati chiyani paja... Eya. Lamba.

Lamba wa mbali zitatuyu anamupanga Nils Bohlin ku kampani ya Volvo mu 1959, ndipo nzeru yake yonse ndi yoti agwire mafupa olimba, a m'chiuno ndi a pachifuwa, nthawi yomweyo galimoto ikangoima. M'munsi mwa chipilala cha chitseko muli kagudumu kokulunga lambayo, kali ndi sipuling'i. Sipuling'iyo ndi imene imachotsa kukhwefuka. Mulinso kachitsulo kozungulira ngati mpira kamene kamasuntha ukaponda buleki mwamphamvu kapena galimoto ikapendekeka, n'kutseka gudumulo. Ukakoka lamba mwadzidzidzi amatsekanso. Magalimoto ambiri obwera ku Japan masiku ano alinso ndi pretensioner, kamene kamaphulika pangozi n'kukoka lamba kuti akumamatire, ndipo kakaphulika kamodzi katha ntchito. Taganiza, kugunda chinthu cholimba pa liwiro la makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Ukafika 100, si kawiri ayi, ndi kanayi. Manja ako sangakugwire pamenepo, ngakhale uzinyamula zitsulo zako zija m'mawa uliwonse.

Ndipo ndikudziwa ukamaliza kachitsuloka uyamba kusirira malamba ofiira aja a mapewa onse awiri, amaoneka okongola pa zithunzi. Amenewo ali ndi anzake. Amafuna mpando wake, zitsulo za roll cage zotchinga denga, chipewa, ndi lamba wina wodutsa pakati pa miyendo kuti usatsetserekere kunsi. Amakuimika njo, ndiye galimoto ikagubuduka popanda zitsulozo, denga likubwera pamutu ulibe kopendekera. Thupi likagwidwa kwambiri chonchi, mutu ndi umene umapita wokha kutsogolo. Dale Earnhardt, katswiri wothamangitsa magalimoto wa ku America, anafa pa mpikisano wa Daytona 500 mu 2001 atathyoka fupa la kunsi kwa chigaza, ndipo pambuyo pake ndi pamene anakakamiza chogwirira khosi chija amati HANS. Ku mipikisano ya magalimoto ya Formula One chinakhala lamulo mu 2003. Ngakhale malamba ovomerezeka ndi FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, ali ndi chaka chothera ntchito, chosokedwa pa lamba pomwepo. Anthu amenewo sasewera. Komanso pabwalo paja onse akulowera mbali imodzi, ambulansi ili chire, palibe kabaza, palibe mbuzi, palibe mwana wothamangira minibasi ndi beseni la tomato ngati pa Lizulu tsiku la msika.

Tsono msuweni, ndinene chimene ndatsegulira voisi iyi. Iwe sukufunsa za track. Ine ndinakwera galimoto yako pobwera ku maliro mwezi watha, ndinakhala kumbuyo kwako. Ndinaona. Lamba wa mbali yako sabwerera. Utatsika pa Boma, anatsala akulendewera panja, unamutsekera ndi chitseko, kenako unachita kumukankhira m'kati ndi dzanja. M'mphepete mwake mwayamba kutuluka ulusi. Pokhota pa mapiri paja ndinakuona ukudzikoka ndi chiwongolero. Ukumva wekha kuti sakukugwira, ndiye wapita pa intaneti kukafuna kanthu kotchipa koti kabise vutolo. Lamba wako watha, msuweni. Akufunika kusinthidwa yense ndi gudumu lake. Kachitsuloko anakapangira lamba wamoyo.

Mwina ndi litsiro chabe, zimachitika. Thukuta ndi fumbi zimaumitsa lamba, ukamutulutsa yense n'kumutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wamba, n'kumuumitsa bwino pamthunzi, nthawi zina amayambanso kubwerera. Osathira jiki, osathira petulo, zimadya ulusi. Koma wakoyo ndi ulusi wothothokawo, ayi. Ndiponso galimoto ija unaigula yogundidwapo kale, usaiwale ndine ndinakuwongolera bampala. Ngati pretensioner inaphulika kalelo, nyali ija ya airbag imene umati imangoyaka yokha ikukuuza zoona. Ndikufuna ndiione ndi makina.

Ndipo china, kachitsulo kaja kabodza umalowetsa m'chotsekera kuti alamu isiye kulira, ndinakaona m'kabati ya kutsogolo. Alamu anga, mayi a ana, mukumva? Kameneko mukatenge mukataye kuchimbudzi. Ndi pegi ya amalume yomweyo, yangosintha maonekedwe.

Usakwiye kuti ndanena pagulu. Ndikanakuimbira pawekha ukanangoti "ndamva achimwene" ngati nthawi ya matayala ija, n'kutha miyezi itatu. Ndanena pano kuti azakhali akufunse Lamlungu. Iwe umanyamula ana popita kusukulu, umanyamula agogo popita kukalandira mankhwala. Ukadzapita ku Joni n'kukalowa pa Zwartkops ndi galimoto ya lamba wabwino, kagule kachitsuloko, ndidzakumangirira ndekha, ndipo ndidzakhala pambali pako. Koma ndalama imene wasunga panoyi ipite ku lamba watsopano. Sinthitsa lamba, msuweni, usamupane.

Eee, kasitomala wafika, akuimba huta panja... Ndikubwera bwana! Iwe, ndamaliza. Lamba ameneyo achoke, tiike wina. Loweruka m'mawa ubwere nayo kugalaja, utumize kaye chithunzi cha nambala ya chasisi kuti ndiyambe kufunsa ku Lilongwe lero lomwe. Ntchito sindikulipiritsa, ungobwera ndi kachewere wa pa Bembeke, thumba laling'ono. Ndipo pobwerapo uyende pang'onopang'ono, chifunga chayamba.