Achemwali afunsa za chipani cha Conservative, ine ndakumbuka tsiku limene ananditcha kapirikoni

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene amasamalira okalamba kuno ku England. Mayi woyandikana nawo nyumba, amenenso amapemphera nawo limodzi, wawaitana kuti alowe chipani cha Conservative. Iwo mtima ukufuna, poti anamva kuti ndi chipani cholemekeza banja ndi mwambo, koma bambo akunyumba akana kwamtuwagalu, ati chimenecho ndi chipani cha atsamunda. Ndiye akufunsa kuti chipanichi chinachokera kuti, chimayenda bwanji, ndipo munthu ngati ife akalowa amakachitako chiyani.

Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Mwandigunda pabala.

Zaka zingapo zapitazo tinali pachikondwerero cha 6 July, chija Amalawi a m'dera lathu timachitira m'holo ya tchalitchi. Nsima inalipo, ndi chambo chouma chimene wina anabwera nacho m'sutikesi kuchokera ku Mangochi. Nkhani zili mkati, ine ndi pakamwa pangapa ndinangoti, "Koma mukudziwa kuti ufulu tikuvinirawu tinalandira boma la Conservative lili pampando?" Mkulu wina, munthu amene ndimamulemekeza, anaika mbale pansi, nasamba m'manja mosapupuluma, kenako anandiyang'ana. "Ndiye iwe ndiwe kapirikoni eti?"

Ana a masiku ano mawu amenewa sawadziwa. Anachokera ku bungwe la Capricorn Africa Society la m'zaka za m'ma 1950, ndipo wakuda aliyense woganiziridwa kuti akudya ndi azungu n'kumagulitsa anzake ankatchedwa choncho. Agogo anga aamuna anatsekeredwa mu 1959 chifukwa cha khadi la chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo akamatchula mawu oti kapirikoni ankayamba alavula kaye pansi. Ndiye taganizani, mdzukulu wawo kupatsidwa dzina limenelo pamaso pa ana anga. Chambo chija sindinachilawe. Ndinayendetsa galimoto mpaka kunyumba osalankhula, mayi akunyumba n'kumangoti "zisiyeni bambo", ine mumtima ndikukonza mayankho amene ndikanapereka.

Chowawa n'chakuti mkulu uja sananame, monganso amuna anu sakunama. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anatikakamiza mu 1953, Winston Churchill wa Conservative ali nduna yaikulu. Mafumu anakana, ena anapita mpaka ku London kukadandaula, Inkosi Gomani anachotsedwa pampando chifukwa chotsutsa, koma zinachitikabe. Pa 3 March 1959, tsiku limene timakumbukira ofera dziko, boma ku London linali la Harold Macmillan, wa Conservative yemweyo. Anthu oposa 50 anaphedwa m'masiku amenewo, Kamuzu anatumizidwa kundende ya Gwelo, ndipo woweruza Patrick Devlin, amene boma lomwelo linamutuma kudzafufuza, analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Koma inenso sindinaname. Macmillan yemweyo, ataona kuti madzi afika m'khosi, anaika Iain Macleod kukhala nduna yoona za maiko a atsamunda, ndipo Macleod anatulutsa Kamuzu pa 1 April 1960. Mu January chaka chomwecho Macmillan anali atafika ku Blantyre n'kudzionera yekha anthu atanyamula zikwangwani kunja kwa Ryall's Hotel, asanapite ku Cape Town kukauza azungu akumeneko kuti mphepo yasintha mu Africa. Ena m'chipani anakwiya mpaka kuyambitsa gulu lawo la Monday Club, lotsutsa kupereka ufulu kumaiko a mu Africa, mu 1961. Nduna ina, Rab Butler, ndiye anakwirira chitaganya kumapeto kwa 1963, ndipo mbendera yathu itakwera mu 1964 nduna yaikulu inali Alec Douglas-Home. Onsewa chipani chimodzi. Womanga ndi womasula, munthu yemweyo.

Usiku umenewo ndi pamene ndinayamba kuchimvetsa chipanichi, ndipo maganizo amene ndinagona nawo sanasinthe mpaka lero. Conservative ndi bilimankhwe. Chimene chimasunga kwenikweni si mwambo ayi, ndi mpando.

Onani chiyambi chake. Dzina loti Tory, limene mumamva pa wailesi akamanena za chipanichi, linali chipongwe, mawu a ku Ireland otanthauza chigawenga cha m'tchire, ndipo ankatukwanira anthu oikira kumbuyo ufumu cha m'ma 1680. Eni ake analitola n'kulivala. Chipani cha masiku ano ambiri amachiwerengera kuyambira mu 1834, pamene Robert Peel analembera anthu a m'dera lake la Tamworth kuti akuvomereza kusintha kwa malamulo a chisankho kwa mu 1832, kumene chipani chake chinalimbana nako ndi mphamvu zonse. Mu 1846 Peel yemweyo anachotsa msonkho woteteza alimi a tirigu, eni minda amene anali msana wa chipani, mpaka chipani chinang'ambika pakati. Benjamin Disraeli anathandiza kugwetsa boma la Liberal mu 1866 chifukwa chofuna kuonjezera anthu oponya voti, chaka chotsatira iye n'kubweretsa lamulo lopatsa voti anthu ochuluka kuposa pamenepo. Mu 1912 anameza gulu la Liberal Unionist, n'chifukwa chake dzina lathunthu ndi Conservative and Unionist Party. Akaona kuti chinthu sichingaletsekenso, amachikumbatira n'kunena kuti chinali chawo kuyambira kale.

Zambiri za mkati mwa chipani sindinaziphunzire m'mabuku. Anandiphunzitsa ndi agogo ena achizungu amene ndinkawasamalira m'zaka zanga zoyamba kuno, ntchito yomweyi mukugwirayi. Anali ndi zaka zopitirira 90, makutu ovuta koma mutu wakuthwa. M'kabati mwawo munali kaduwa ka nsalu ya buluu kovala pachifuwa tsiku lachisankho, kosungidwa ngati nsalu yaukwati. Analowa gulu la achinyamata a chipani cha m'ma 1950, nthawi imene mamembala a chipani chonse ankayandikira 3 miliyoni, ndipo ankaseka kuti sanapitire ndale, anapitira dansi, ndipo n'komwe anapeza mwamuna. Ndikamawapesa tsitsi ankandisimbira za maenvulopu amene anamata, makeke amene anaphika pofuna ndalama za nthambi, nkhalamba zimene ananyamula pagalimoto kupita nazo koponya voti. Tsiku lina ndinawafunsa kuti pa atsogoleri onse aja, Churchill, Macmillan, Thatcher, iwo anasankhako angati. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Ngakhale mmodzi. Voti yawo yoyamba yosankha mtsogoleri wa chipani anaponya mu 2001, atagwira ntchito yaulere pafupifupi zaka 50.

Ndinawakonda agogo amenewo, ndipo atamwalira ndinalira ngati wachibale. Mwina n'chifukwa chake mawu oti kapirikoni anandipweteka kwambiri. Ndinkadziwa zimene chipani chawo chinachita kwa agogo anga, komanso ndinkadziwa kuti iwo ankandisungira bisiketi m'thumba la juzi.

Mphamvu zili kuti

Chipanichi chakhala pa mafuwa atatu, koma fuwa limodzi ndi lalikulu moti mphika umapendekera komweko.

Fuwa loyamba ndi mamembala wamba, m'nthambi za m'dera la phungu aliyense, zimene anazisonkhanitsa pamodzi koyamba mu 1867. Nthambi ili ndi wapampando, msungichuma ndi komiti, imatolera ndalama zake, ndipo imasankha oimira chipani pa ukhansala ndi uphungu, ngakhale kuti ofuna uphungu amayenera kuyamba avomerezedwa ndi likulu. Lachiwiri ndi likululo, ku London, limene Disraeli anakhazikitsa mu 1870, kumene kuli olembedwa ntchito, ndalama za anthu olemera ndi akatswiri a kampeni. Lachitatu, lalikulu lija, ndi aphungu a m'Nyumba ya Malamulo. Mpaka 1998 zitatuzi sizinali ngakhale pansi pa malamulo amodzi. William Hague ndiye anazimanga mtolo umodzi chipani chitagwa chagada mu 1997.

Kale mtsogoleri sankasankhidwa n'komwe. Akuluakulu ankanong'onezana kuseri ngati mbumba ikufuna wolowa ufumu, dzina n'kungotuluka. Mu 1963 Macmillan ali chigonere m'chipatala analoza Douglas-Home, amene panthawiyo sanali ngakhale phungu wosankhidwa, ndipo phokoso lake linachititsa kuti mu 1965 aphungu ayambe kuponya voti. Edward Heath ndiye woyamba kusankhidwa choncho. Lero aphungu amapeta mayina mpaka atsale awiri, kenako mamembala amasankha pa awiriwo.

Koma kuchotsa mtsogoleri ndi ntchito ya aphungu okha, kudzera mu komiti yotchedwa 1922, ya aphungu opanda maunduna. Phungu akatopa naye mtsogoleri amalemba kalata yachinsinsi kwa wapampando wa komitiyo, makalata akakwana chiwerengero pamakhala voti. Pano ine ndimachita nsanje, ndisabise. Margaret Thatcher anapambana zisankho zitatu motsatizana, koma mu 1990 aphungu ake ataona kuti awagwetsa, anamulongedzetsa katundu akulira. Kwathu kuja chipani chili ngati golosale ya munthu, mwini wake akadwala ndiye kuti shopu yatsekedwa, ndipo wofunsa za konvenshoni amatchedwa woukira. Kuno mtsogoleri ndi waganyu. Munda ukapanda kubereka amamuonetsa msewu.

Nsanje yangayo imathera pomwepo, chifukwa taonani zimene zinachitikira mamembala mu 2022. Anasankha Liz Truss ndi mavoti 81,326, Rishi Sunak n'kupeza 60,399. Patangotha masiku 49 Truss anali atapita, ndipo aphungu anaika Sunak yemwe mamembala anamukana uja, osawafunsanso. Ngakhale msonkhano waukulu wa chaka ndi chaka si bwalo logamula mfundo za chipani. Anthu amapita kukaomba m'manja ndi kumwa vinyo. Mfundo amapanga ndi mtsogoleri ndi anthu ake.

Ndiye pa nkhani ya banja ndi mwambo ija, achemwali, musalowe poganiza kuti mukulowa mpingo. Lamulo lolola amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kukwatirana linadutsa mu 2013 David Cameron wa Conservative ali nduna yaikulu, ngakhale aphungu ake ambiri anakana. Kaya inu mumaliona bwanji lamulolo, dziwani kuti mawu oti kusunga mwambo kuno satanthauza zimene abusa anu amatanthauza. Ndipo lamulo la mu March 2024 loletsa osamalira okalamba obwera kumene kubweretsa amuna awo ndi ana, lija linalekanitsa mabanja a anzathu ambiri, linachokera ku boma la chipani chomwechi. Thandizo lopita kumaiko osauka ngati kwathu analidula mu 2021 kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chimene dziko lawo limapeza pachaka. Amuna anu asamwetulire msanga, a chipani chopikisana nacho cha Labour atalowa m'boma analidulanso, ndi kutsekeratu khomo lolemba osamalira okalamba kuchokera kunja. Pa nkhani ya ife obwera, onse awiri amawerenga mavoti, osati Baibulo.

Komabe bilimankhwe uja ndi yemweyo. Chipani chimene chinali ndi Monday Club ndicho chinapatsa Britain nduna yaikulu yoyamba ya makolo achimwenye, Rishi Sunak uja. Chitagwa koopsa mu July 2024 n'kutsala ndi aphungu 121 okha, mu November chinasankha Kemi Badenoch, mayi wakuda wobadwira ku London n'kukulira ku Lagos. Agogo anga akanamva zimenezi sindikudziwa ngati akanaseka kapena kulavula. Nditamuuza mkulu uja anangoti, "Akapirikoni analipo kuyambira kale." Timakumanabe chaka chilichonse, dzinalo sanalisiye, koma masiku ano amanena akundipatsira mutu wa nsomba.

Tsopano zimene munafunsa. Malawi ali mu Commonwealth, choncho ngati muli ndi chilolezo chokhalira kuno mutha kulembetsa kukhonsolo n'kumaponya voti pa zisankho zonse, ndipo chimenechi chitani kaya mulowa chipani kaya ayi. Kulowa chipani kumachitika pa intaneti, mumalipira chaka ndi chaka, ndipo pamafunika miyezi itatu musanaloledwe kusankha nawo mtsogoleri. Khadi lake si lija la nthawi ya Kamuzu, palibe adzakufunseni pamsika kapena pokwera basi. Nsalu sagawa, ndalama ya sopo kulibe, ndinu amene mumapereka. Ine ndikanakhala inu ndikanapita kaye kawiri katatu ngati mlendo wa mayi woyandikana nayeyo, n'kufunsa khansala wawo maso ndi maso zimene amaganiza pa ziphaso za osamalira okalamba, n'kumvetsera bwino yankho. Atengeni bambowo tsiku limodzi, akakane ataona.

Mukalowa, ntchito yoyamba adzakupatsani mulu wa timapepala toti mugawe khomo ndi khomo, nthawi zambiri Loweruka m'mawa, mvula ikuwaza. Valani nsapato zolimba, ndipo mutenge mthiko wokankhira pepala pa kabowo ka makalata, chifukwa kuseri kwa zitseko zina kumakhala galu wodikirira zala.