Akafuna kuchotsa madzi a pamsana musakane, asisi

Asisi, zoti amuna anu agonekedwa ndi crypto, matenda oumitsa khosi amene amayamba ndi fangasi wolowa ku ubongo, ndipo mukufunsa ngati anthu amachira zandigwetsa misozi pompano. Ife tinaika achimwene anga mu 2019 ndi matenda omwewa.

Anabwera kuchokera ku Joni atasiya ma ARV pafupifupi chaka, ife osadziwa. Mutu unayamba pang'onopang'ono. Sabata yoyamba, pa chipatala chaching'ono cha kwathu anawapatsa Panado. Sabata yachiwiri LA, chonsecho malungo sanawapeze m'magazi. Munthu akulira ndi mutu, akusanza, khosi lauma, akubisa maso ku dzuwa, koma bambo wa pachipatala uja osatsegula n'komwe buku lawo, n'kumangoti muchepetse maganizo. Maganizo! Akanangotitumiza kukayezetsa CD4, chiwerengero cha asilikali a m'thupi, basi. Pofika ku chipatala chachikulu CD4 yawo inali pa 23. Munthu ikamutsikira pansi pa 200 amayenera kuyezedwa CrAg, kuyeza kofufuza crypto, magazi pang'ono, mphindi 10 zotsatira zatuluka, ndipo fangasi ameneyu amaoneka m'magazi masabata angapo mutu usanayambe. Bambo amene uja sindinamukhululukire mpaka lero, ndisaname.

Tsiku loyamba anawachotsa madzi a pamsana ine ndili pomwepo, nditawagwira mawondo. Madzi oyera ngati a pampopi anakwera mu kachubu mpaka kusefukira. Adokotala, mtsikana ndithu, anati akapitirira masentimita 25 mu kachubuko ndiye kuti ubongo ukufinyika, ndipo madziwo ayenera kumachotsedwa mobwereza, mwina tsiku lililonse. Pasanathe ola achimwene anatsegula maso n'kupempha phala. Anadya theka la kapu. Ndinatuluka panja kukalira ndi chimwemwe.

Kenako anatulukira amalume. Akuti jakisoni wa pamsana ndi amene amamaliza anthu, mwana wa mlongo wawo sabayidwanso. Ndinawagwadira pakhonde la wodi, anthu akuonerera, iwo n'kunena kuti iwe ndiwe mwana, nkhani zino n'za akulu. Adokotala anabwera kawiri kudzapempha, kawiri konse anabwezedwa. Usiku wachitatu achimwene anayamba kubwebweta. Ankanditchula kuti amayi, chonsecho amayi tinawaika kalekale. Ankakoka dripi, akumenyetsa mutu ku chitsulo cha bedi, diso limodzi litapenya kumbali. Ndinkawanyowetsa pachipumi ndi chitenje changa, ndikuwaitana dzina, iwo osamvanso. Usiku wachinayi anagwa ngati wa khunyu, mano atalumana, ine ndikuthamanga m'wodi monse kufuna anesi. Amalume nthawi imeneyo akugona kwawo. M'bandakucha wa tsiku lachisanu anatisiya. Pa maliro amalume omwewo ankauza anthu kuti singano ija ndi imene inawapha, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo pawo sindinapondepo.

Adokotala aja anandikhazika pansi tsiku lachiwiri n'kundiuza zimene amayang'ana kuti adziwe amene ali pa ngozi yaikulu. Chachikulu pa zonse ndi mutu: ngati munthu wafika atasokonezeka kale, sakuzindikira abale kapena akungogona. Kenako kuchuluka kwa fangasi m'madzi a pamsana aja, kuchepa kwa magazi, kuonda kwambiri, ndi zaka zopitirira 50. Achimwene anali nazo zonse kupatula zaka. Inu mwanena kuti amuna anu akukuzindikirani ndipo akulankhula bwinobwino. Gwirani pamenepo, chimenecho n'chizindikiro chabwino kwambiri.

Komanso mankhwala anasintha. Kale anthu ambiri ankangolandira fluconazole yekha ndipo oposa theka ankamwalira. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitikanso ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anatuluka mu 2022: dripi imodzi yamphamvu ya liposomal amphotericin, pamodzi ndi masiku 14 a flucytosine ndi fluconazole. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 75 anali moyo patatha masabata 10, ndipo WHO inavomereza njira imeneyi chaka chomwecho. Funsani ngati akulandira onse atatu. Akachedwetsa ma ARV masabata 4 mpaka 6 musakalipe, amachitira dala, chifukwa kuyamba msanga kumatupitsa ubongo. Akatuluka fluconazole asamusiye, amamwa chaka chathunthu kapena kupitirira. Musaope kuwadyetsa ndi kuwasambitsa, matendawa sapatsirana, fangasiyu timachita kumupuma kuchokera m'dothi, mitengo yowola ndi zitosi za nkhunda.

Koma musakhale mukuwerenga zizindikiro usiku wonse ngati mmene ndinkachitira ine, zingakudwalitseni. Madokotala si Mulungu, pa bedi loyandikana nafe panali bambo amene anabwera atakomoka koma anatuluka akuyenda yekha. Akhulupirireni achipatala, musakangane nawo. Ndipo abale a amuna anu musayambane nawo, mudzawafuna, alankhuleni mwaulemu, mupemphe adokotala awafotokozere okha. Koma mutu ukangobwerera, kapena akayamba kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kulankhula zosamveka, kadzutseni anesi ngakhale pakati pa usiku muwauze kuti mukufuna achotsedwenso madzi, ndipo chilolezo mupereke inuyo osadikira wina aliyense.