Kusandutsa mawu a wogula kukhala ma filter

Achimwene, mwafunsa ngati model (pulogalamu ya kompyuta yomva ndi kuyankha mawu a anthu) ngati ChatGPT ingasandutse mawu a wogula kukhala ma filter (zosefera zotsatira posaka katundu) pa app yanu ya zokolola. Ingathe ndithu, koma musaisiye yokha. Ipatseni mndandanda wa zololedwa, monga mbewu, boma ndi mtengo, ndipo iziyankha mu JSON basi, kalembedwe kamene pulogalamu ya kompyuta imawerenga mosavuta. Wina akalemba kuti "mtedza wa Chalimbana ku Katete wotchipa", mbewu ndi boma zimatuluka bwinobwino, koma pa "wotchipa" model imangoyika nambala ya m'mutu mwake. Pamenepo ndi bwino ifunse wogulayo.

Model yanga inandichititsa manyazi ndi kasitomala wa ku Mwami, pa malire a Zambia ndi Malawi: analemba mtengo wa kwacha ya Malawi, iyo n'kuwerenga ngati yathu ya Zambia. Tsopano ndimaonetsa wogula ma filter asanasake, akonze yekha.