Masupuni atatu kapena supuni zitatu?

Funso: Ndimalemba kaphikidwe ka makeke n'kumagawira anzanga pa WhatsApp. Mmodzi wa iwo anandidzudzula kuti ndinalakwitsa polemba kuti "supuni zitatu za shuga". Cholondola n'chiti?

Yankho: Simunalakwe. Mawu akuti supuni ndi obwereka, ndipo atalowa m'Chichewa anakhala m'gulu limodzi ndi mbale ndi nyumba. N'chifukwa chake timati supuni imodzi, supuni ya shuga, ndipo pochulukitsa titha kunena kuti supuni zitatu monga timanenera mbale zitatu. Koma mawu obwereka ambiri amakondanso kutenga ma- akachuluka, ndiye timamva masupuni atatu, makapu awiri. Zonsezi n'zovomerezeka. Cholakwika ndi kusakaniza, monga kulemba kuti "masupuni zitatu". Mukayamba ndi ma-, mawu otsatira agwirizane nawo: masupuni atatu a shuga.

Ine chondidetsa nkhawa pa chiganizo chanucho n'china. Simunanene kuti ndi supuni yanji. Pophika pali ziwiri zodziwika. Supuni yaing'ono, imene ena amati ya tiyi, imalowa mamililita 5. Supuni yaikulu imalowa mamililita 15. Choncho masupuni aang'ono atatu ndi ofanana ndi supuni yaikulu imodzi. Pa shuga, kusiyana kumeneku kungangochititsa kuti keke itsekemere kwambiri. Pa soda ndi nkhani ina: wothira supuni yaikulu pamene panafunika yaing'ono waika katatu, ndipo keke imatuluka yakuda mkati, yowawa ngati sopo. Mawu amodzi osowa awonongetsa ufa ndi mazira a munthu.

Ena amalemba kuti kasupuni. Ndi Chichewa chabwino ndithu, ndipo kuchuluka kwake ndi timasupuni. Vuto lake n'lakuti ka- amangosonyeza kuchepa, satchula mlingo. Polemba kaphikidwe ndimakonda "supuni yaing'ono", n'kuika 5 ml pambali pake koyamba kokha.

Funso: M'mabuku a Chingerezi ndimapeza tsp ndi tbsp. Ndizimasulire bwanji? Nanga kapu ndi masupuni angati?

Yankho: Tsp ndi supuni yaing'ono, tbsp ndi yaikulu. Kachilembo ka b kameneko diso limatha kukadumpha mosavuta, ndiye musakopere zidulezi, lembani mawu onse. Muonenso kumene bukulo linalembedwa. Ku Australia supuni yaikulu ndi mamililita 20, kutanthauza masupuni aang'ono anayi. Kapu nayo imasiyana: yoyezera yofala m'mayiko ambiri ndi mamililita 250, pamene ya ku America ndi pafupifupi 240 ndipo imalowa masupuni aakulu 16. Mukafuna kota ya kapu imeneyo, masupuni aakulu anayi akwana.

Funso: Kodi "theka la supuni" ndi "supuni ndi theka" si chimodzimodzi?

Yankho: Ayi. Theka la supuni yaing'ono ndi mamililita awiri ndi theka, supuni yosadzaza. Supuni ndi theka ndi yodzaza imodzi kuwonjezerapo theka lina, mamililita 7.5. Apanso chachiwiricho chachuluka katatu. Onani kuti timati theka la, chifukwa theka lili m'gulu la mawu ngati dzira ndi tsamba. Ambiri polankhula amati hafu, ndipo palibe amene sangamve, koma polemba theka limakhala bwino.

Mawu akuti "yodzaza" nawo muwasamale. Kwa wina yodzaza ndi yokhala ndi kamulu pamwamba, kwa wina ndi yolekeza m'milomo mwa supuni. Mabuku a zophikaphika akangoti supuni amatanthauza yachiwiriyi. Lembani kuti "yosalaza pamwamba", kuti wowerenga atapa ufa adutsitse msana wa mpeni pamwamba pa supuniyo, wotsalawo ugwere m'mbale.